Ku Durban pa tchuthi cha Khrisimasi ndi mnyamata wosambira ku Salima

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito ku Joni. Ana awo awiri abwera kuchokera kumudzi kudzacheza pa tchuthi, ndipo mayiwa akufuna kupita nawo ku Durban kuti akaone nyanja ya mchere. Anzawo awaopseza kuti mu Disembala anthu amadzaza gombe lonse moti popondapo pamasowa, komanso kuti m'madzimo muli mashaki. Wamkuluyo ndi mnyamata wa zaka 15, anakulira kwa agogo ake ku Salima, kusambira amakudziwa, ndipo wakakamira zoti akaphunzire surfing, masewera oyenda pa mafunde utaima pa thabwa. Wamng'onoyo ndi mtsikana wa zaka 6. Funso lawo ndi lakuti apite kapena asinthe maganizo.

Pitani, mayi. Koma pa zonse mwalembazi, chimene chikundidetsa nkhawa si khamu la anthu, sinso shaki. Ndi mnyamata wanu wodziwa kusambirayo.

Mwana wa ku Salima amawadziwa madzi. Amadziwa kuti mwera ukawomba bwato silichoka pa dooko, ndipo mphepo ikaleka nyanja imagona. Ku Durban sizili choncho. Mafunde a kumeneko amachokera kutali, mkati mwa nyanja ya Indian, ndiye amafika ngakhale kunja kuli bata. Amabweranso m'magulu: kwa kanthawi madzi amakhala phee, munthu n'kumalowa mkati pang'onopang'ono, kenako akuluakulu angapo n'kutsatizana. Komanso madzi amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene kusiyana kwake kumayandikira mamita 2. Pamene munaima m'mawa madzi akulekeza m'mawondo, masana angathe kukupitirirani.

Choopsa kwambiri ndi mkokomo wobwerera, umene opulumutsa anthu kumeneko amautcha rip. Madzi onse amene mafunde akhuthulira kumtunda ayenera kubwerera, ndiye amadzikumbira ngalande mumchenga n'kumathamangira mkati ngati mtsinje wa m'dzinja. Tsoka lake n'lakuti pamalo potero ndi pamene pamaoneka pabwino. Mafunde saphulikapo, madzi amaoneka akuda ndi odekha, mlendo n'kuganiza kuti wapeza posambira. Wosadziwa kusambira safika patali chotero chifukwa amaopa. Amene amakokedwa ndi wodzidalira, ndipo akazindikira kuti gombe likutalikira amayamba kulimbana ndi madzi kuti abwerere molunjika, mphamvu n'kumuthera. Muuzeni mnyamatayo musananyamuke ku Joni: akamva kuti akukokedwa asalimbane nawo, ayandame, akweze mkono kuti amuone, ndipo ngati mphamvu zilipo asambire chopingasa motsata gombe mpaka atatuluka mu ngalandemo. Madzi a mchere amayandamitsa munthu kuposa a ku Senga Bay, apo pokha ndiye zamukomera. Pa 17 Disembala 2022 anthu atatu anafa pa gombe la Bay of Plenty ku Durban komweko pamene funde lalikulu linakokolola osambira masana, anthu ali mbwee.

N'chifukwa chake pali mbendera zofiira ndi zachikasu. Ma lifeguard, opulumutsa anthu aja, amaziika m'mawa atayang'ana m'mene madzi akuyendera, ndipo amazisuntha zinthu zikasintha. Kusambira ndi pakati pa mbendera ziwirizo basi, wezulo ikalira mutuluke kapena musunthire kumene akulozerani. Ichi ndicho chimachititsa kuti khamu lizioneka loopsa pa zithunzi. Msewu wa oyenda pansi wa m'mbali mwa gombelo ndi wa makilomita pafupifupi 8, kuchokera pa khomo la doko mpaka ku Blue Lagoon, koma osambira onse amaunjikana pa timalo tochepa. Wina amanyansidwa n'kupita payekha kuseri kwa mbendera. Ine ndimati bola kugundana zigongono ndi anthu osawadziwa.

Za khamulo tsopano. Masiku amene kumadzaza zenizeni ndi 16 Disembala, 26 Disembala ndi 1 Januwale. Mabasi ndi mataxi amatsitsa anthu kuchokera ku Umlazi, KwaMashu, ngakhale ku Gauteng, ena atayenda usiku wonse pa msewu wa N3, ulendo wa makilomita pafupifupi 570 kuchokera ku Joni. Sindikonda ndikamva anthu akunyoza khamu limeneli. Mu 1989 pa magombe ena a Durban panali zikwangwani, zolembedwa m'Chingerezi, Afrikaans ndi Chizulu, zonena kuti malowa ndi a azungu okha, ndipo lamulo la 1953 limene linkalola tsankholi linathetsedwa mu 1990. Agogo amene mukawaone akulowa m'madzi ndi diresi lawo lomwe, zidzukulu zitawagwira mikono, pa utsikana wawo sakanaloledwa kuponda mchenga umenewo. Komabe ndi mwana wa zaka 6 masiku atatuwo apeweni ngati ntchito ikulola. Masiku ena lawirirani. Mu Disembala dzuwa limatuluka isanakwane 5 koloko, ndipo m'mawa mphepo imakhala isanayambe. Yendani pa msewuwo kaye, ma lifeguard akaika mbendera lowani, ikamakwana 11 koloko muzikadya bunny chow, buledi woboola pakati n'kuikamo ndiwo, pamthunzi anzanu akungofika kumene.

Masiku a tchuthi khonsolo ya eThekwini, yoyang'anira mzinda wa Durban, imapereka tizibangili tolembapo nambala ya foni ya kholo, chifukwa ana amasochera ambiri. Kamtsikanako kavekeni mukangofika. Mowa ndi woletsedwa pa gombe. Foni ndi ndalama musazisiye pa chitenje nonse n'kulowa m'madzi, mmodzi azitsala.

Surfing aphunzire ndithu, Durban ndi kwawo kwa masewerawa. Shaun Tomson, amene anakhala katswiri wa dziko lonse mu 1977, ndi wa komweko, katswiri wina Jordy Smith nayenso ndi wa komweko. Koma asayambire ku New Pier kapena North Beach. Kumeneko ndi kwa akatswiri, ena amachita kudumpha kuchokera pa mlatho wolowa m'nyanjawo thabwa lili m'manja, ndipo mkokomo wa m'mbali mwa mlatho umene ungaphe wosambira iwo amaukwera dala kuti uwafikitse mkati msanga. Thabwa lawo ndi lolimba, kunsi kwake kuli zipsepse zakuthwa, ndipo salekerera mlendo wowadutsa kutsogolo pa funde lawo. Mutengeni akawaonerere ali pamwamba pa mlathowo, mpamene munthu amaona bwino. Kuphunzira ndi kumwera, ku Addington ndi pa gombe la uShaka, kumene khoma la doko limatchinga mafunde. Kumeneko kuli aphunzitsi amene amabwereketsa thabwa lofewa ndipo amalowa naye m'madzi. Mtengo mugwirizane asanalowe m'madzi.

Mashaki ndawaika kumapeto dala. Durban inayamba kutchera maukonde mu 1952, ndipo masiku ano amayang'aniridwa ndi KwaZulu-Natal Sharks Board. Maukondewo satseka nyanja yonse, amangochepetsa mashaki oyandikira, ndipo ena amawadandaula chifukwa amakolanso akamba ndi ma dolphin. Mukasambira pamene pali mbendera, za shaki zichotseni m'mutu. Chimene chingathe kuliza mwana ndi bluebottle, kanthu kabuluu kokhala ngati kathumba ka mpweya kokoka ulusi wautali, kamene kamabwera ndi mphepo yochokera kunyanja. Kakamuluma musapakepo mchenga, tsukani ndi madzi a m'nyanja momwemo n'kupita naye kwa ma lifeguard.

China choti mufufuze ndi ukhondo wa madzi. Kusefukira kwa madzi kwa mu Epulo 2022 kunawononga mapaipi a zimbudzi mumzindawo, ndipo kuyambira pamenepo magombe ena akhala akutsekedwa nthawi ndi nthawi chifukwa cha tizilombo ta E. coli. Khonsolo imalengeza magombe amene ali otsegula, ndiye yang'anani tsiku lomwelo musanachoke pogona. Mvula yamphamvu ikagwa usiku, m'mawa mwake musalowe, makamaka cha ku Blue Lagoon kumene mtsinje wa uMngeni umathira. Tsiku lotero pitani nawo ku uShaka Marine World, akaone mashaki kuseri kwa galasi.