Ndinaika password pa role, Lolemba zonse zinaima

Mchemwali wina wandilembera imelo. Akuti anasintha role (gulu la zilolezo lomwe limaperekedwa kwa ogwiritsa ntchito) ya mu database ya Oracle kuti izifuna password, ndipo tsopano anthu akalowa akulandira error ya ORA-00942, yonena kuti table kulibe, pomwe table ilipo ndithu. Akufunsa kuti walakwitsa pati.

Achemwali, nditawerenga ndinayamba ndaseka kaye, chifukatu funso lanu landikanda pachilonda.

Inenso zinandionekerapo. Linali Lachisanu madzulo, abwana anati role yolembera m'matebulo a malipiro ikhwimitsidwe. Ndinalemba ALTER ROLE, n'kuwonjezera IDENTIFIED BY ndi password yanga yautali, mtima uli m'malo. Ndinayesa mu session (kulumikizana kwanga ndi database) yomwe ndinaitsegula m'mawa: zonse bwinobwino. Pulogalamu ya ogwira ntchito nayonso inkayenda. Ndinapita kunyumba ndikudzitama.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti ALTER ROLE sikhudza session imene role inayatsidwa kale. Ma connection a pulogalamu ija anali otseguka kuyambira kale, ndiye ankangopitiriza ndi ufulu wawo wakale. Seva itayambitsidwanso Lamlungu usiku, aliyense analowa mwatsopano, role ili chozima. Lolemba foni inalira ndisanasambe n'komwe.

Ndipo ORA-00942 imapusitsa. Imakuuza kuti table kapena view kulibe, pomwe vuto n'lakuti ulibe chilolezo choiona. Ndinataya ola lathunthu ndikufufuza amene wafufuta table, n'kumakayikira mnzanga wosalakwa. Mpaka lero ndimachita naye manyazi.

Ndinathamangira ku ALTER USER DEFAULT ROLE, lamulo losankha ma role oyaka okha munthu akalowa, osaphula kanthu. Mu Oracle 11g Release 2 ndi zotuluka pambuyo pake, role ya password siyaka yokha munthu akalowa, ngakhale mutaiika pa default. Poyamba zinandikwiyitsa, koma n'zomveka: loko wotseguka yekha ndi wa ntchito yanji?

Apa ndinene maganizo anga mosapsatira. Password pa role sindiikonda. Wogwiritsa ntchito sailemba pamanja, ndiye imakathera mu code kapena mu fayilo ya config, pomwe aliyense wokonza pulogalamu amaiona. Kuisintha kumafuna kutulutsanso pulogalamu, choncho palibe amaisintha, imakhala yomweyo zaka ndi zaka. Ine masiku ano ndimagwiritsa ntchito IDENTIFIED USING, yomwe imapereka udindo woyatsa role kwa package imodzi ya PL/SQL, kutanthauza code yosungidwa mu database momwemo. Package imayamba yaona kuti walowayo ndi ndani, wachokera pa IP iti, kenako n'kuyatsa. Ingokumbukirani kuti iyenera kukhala AUTHID CURRENT_USER, kutanthauza kuti iziyenda ndi ufulu wa amene waiitana. 

Nanga inu achemwali mutani?

Lowani mwatsopano ndi akaunti ya munthu wamba, osati yanu, muone SESSION_ROLES, mndandanda wa ma role omwe ayaka mu session imeneyo. Ngati role mulibe, pulogalamu iziyendetsa SET ROLE ndi IDENTIFIED BY ikangolumikizana. Chenjerani: SET ROLE imazimitsa ma role ena onse omwe simunawatchule, ndiye atchuleni onse pamodzi. Ikabwera ORA-01979 ndiye kuti password yalakwika kapena sinaperekedwe. Ngati anthu akudikira panopa, bwezani kaye ndi ALTER ROLE ... NOT IDENTIFIED, alowenso, package muilembe mawa mutagona bwino.