Mita ya magetsi imaulula zambiri za pakhomo

Mayi wina wanditumizira imelo yakuti: "Ndili ndi app pafoni yoonetsa mmene tikugwiritsira ntchito magetsi kunyumba. Bambo a kunyumba akuti palibe chodetsa nkhawa, ndi manambala chabe. Kodi n'zoona?"

Mayi, ndi manambaladi, koma tsegulani app yanuyo muone tchati cha dzulo. Pamene mzere wakwera mwadzidzidzi m'mamawa ndi pamene munayatsa ketulo. Timapiri tobwerezabwereza usiku wonse ndi filiji ikuyaka n'kuzima. Nanga pamene mzere wangoti chete kuyambira m'mawa mpaka madzulo? Aliyense woona tchaticho adziwa kuti nthawi imeneyo pakhomo pamakhala popanda munthu. Mukachokapo sabata yathunthu ndiye zimachita kuonekeratu.

Luso lozindikira chipangizo chilichonse poyang'ana mita imodzi yokha si ladzulo, wofufuza wina, George Hart, analiyamba pa yunivesite ya MIT ku America m'zaka za m'ma 1980. Mu 2011 ofufuza a ku Münster, ku Germany, anaonetsa kuti mita yolemba pa masekondi awiri aliwonse ingaulule ngakhale zimene mukuonera pa TV. Mita zambiri zimalemba pa mphindi 15 kapena 30, komabe zimenezo n'zokwanira kudziwa nthawi imene mumagona ndi kudzuka.

Ine amene amandiopsa kwambiri si akatswiri obera pa intaneti ayi, koma munthu amene ali kale ndi pasiwedi yanu. Ganizirani amisiri amene anakuikirani sola kapena mitayo: nthawi zambiri ndi iwo amatsegula akaunti, mwinanso ndi imelo yawo, ndipo ntchito ikatha palibe amene amakumbukira zowachotsa. Chimodzimodzi wachibale amene munkakhala naye kapena foni yakale imene munagulitsa osafufuta. Choncho yambani pamenepo. Onani amene akaunti yanu inagawiridwa, sinthani pasiwedi yobwera ndi chipangizocho, ndipo ngati app imalola kutsimikizira ndi nambala ina yachinsinsi polowa, kuwonjezera pa pasiwedi, yatsani zimenezo. Ikapempha kuona manambala a anthu a m'foni mwanu, kanani. Magetsi ndi manambala a anzanu zikugwirizana pati?

China, kufufuta app sikufufuta mbiri yanu, chifukwa imasungidwa pa makompyuta a kampani. Muyenera kutseka akauntiyo kapena kuwalembera kuti aifufute.

Ndipo mukafuna kudandaula za bilu pa Facebook, muyambe mwaphimba nambala ya mita ndi adiresi pa chithunzicho.