Yambani ndi Qe6+, meti ili pa kasanu

Akulu, mwafunsa mmene zoyera zingapambanire pa masewero a chess awa. Pa bolodi yanuyo (zoyera: Kg1, Qh3, Ng5, ma pawn f2, g2, h2; zakuda: Kg8, Qa3, Ra8, ma pawn g7, h7) yambani ndi 1.Qe6+ (K ndi mfumu, Q mfumukazi, N hatchi, R rook, ndipo + ndi tcheki, kutanthauza kuopseza mfumu). Mfumu yakuda ikapita f8, 2.Qf7 ndi meti pomwepo (mfumu ilibe pothawira, masewero atha), chifukwa hatchi ikuteteza f7. Ndiye iyenera kupita h8.

Kenako 2.Nf7+ Kg8 3.Nh6+. Apa ndiye pagona nkhani. Hatchi ndi mfumukazi zikupereka tcheki nthawi imodzi, choncho kudya hatchi ndi pawn ya g7 sikuloledwa, kutchinga sikuthandizanso. Mfumu iyenera kusuntha basi. Ikapita f8, Qf7 meti. Ikabwerera h8, perekani mfumukazi yanu: 4.Qg8+! Mfumu singaidye chifukwa hatchi ya pa h6 ikulondera g8, ndiye rook ndiyo idye. 5.Nf7 meti, mfumu yatsekeredwa ndi asilikali ake omwe. Lucena, wolemba za chess wa ku Spain, anaulemba kale msampha umenewu mu 1497.

Ambiri amathamangira 1.Qxh7+ poona pawn yaulere, koma mfumu imatulukira f8 kenako e7, ndipo mukangosiya kupereka tcheki, mzere wanu wakumbuyo uli pambalambanda, meti ya zakuda ya Qc1 ikukudikirani. Onetsetsaninso pomwe pali rook: ikanakhala pa f8, 2.Nf7+ ikanangodyedwa ndi Rxf7.

Werengani ma tcheki onse m'mutu musanagwire chidutswa. Ngati misampha yotereyi ikumakudutsani kawirikawiri pa mpikisano, pitani ndi masewero anu olembedwa kwa mphunzitsi wa chess awaunike nanu limodzi.