Bambo akundiletsa kulowa yuniyoni

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa ku Salima amene wangolembedwa kumene ntchito yolandira alendo pa hotela ina ku Senga Bay. Akuti anzake amupatsa fomu yolowera bungwe la ogwira ntchito, lomwe ambiri amangoti yuniyoni, koma bambo ake amukaniza ponena kuti mabungwewa ndi a anthu oukira mabwana, ndipo akalowa amuchotsa ntchito banja lisanabweze n'komwe ngongole ya fizi. Akufunsanso ngati yuniyoni ingamuthandize kukwezedwa msanga.

Makalata otere ndimalandira kawirikawiri, ndipo ndiyamba ndi inu bambo. Mantha anuwa ndi a nthawi ya chipani chimodzi, pamene a Chakufwa Chihana, omwe anali mlembi wamkulu wa mgwirizano wa mabungwe a ogwira ntchito kumwera kwa Africa, anamangidwa mu 1992 atangotsika ndege ku Lilongwe. Nthawi imeneyo inapita. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994 limapereka kwa aliyense ufulu wokhazikitsa kapena kulowa bungwe la ogwira ntchito, ndipo bwana wochotsa munthu pa chifukwa chimenechi akhoza kukayankha mlandu ku bwalo la milandu ya zantchito la Industrial Relations Court. Chimene chimanditopetsa n'chakuti makolo amene munagulitsa mpunga ndi mbuzi kuti mwana aphunzire, ndinu nomwe mukumulangiza kuti akafika pa ntchito azingoti "chabwino bwana" ngakhale akuponderezedwa.

Tsono kwa iwe mwana wanga, ganizo langa n'lakuti ulowe, koma udziwe chimene ukulowera. Ntchito yaikulu ya yuniyoni ndi kukambirana ndi olemba ntchito m'malo mwa onse, kenako n'kusainirana pangano lokhudza malipiro, maola ndi tchuthi. Taganizira nyengo ya Khirisimasi, zipinda zonse zitadzaza ndi alendo obwera kunyanja, iwe utaima pa kauntala kuyambira masana mpaka mbandakucha. Lamulo la zantchito la mu 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo opitirira apo ndi ovataimu yoyenera kulipidwa. Ukagogoda wekha pa chitseko cha manijala kukafunsa ndalamayo, n'kosavuta kukuyankha kuti kunja kuli anzako ambiri ofuna ntchito yomweyo. Koma akapita woimira antchito onse atanyamula pangano losainidwa, nkhani imayenda mwina. Ndi yuniyoninso imene imalondola ngati ndalama ya penshoni, 5 peresenti yodulidwa kwa iwe ndi 10 peresenti ya bwana, ikufikadi kumene iyenera kupita, chifukwa kuoneka pa kapepala ka malipiro sikutanthauza kuti yatumizidwa.

Za kukwezedwazo uiwale. Yuniyoni sikweza munthu pa udindo, ndiponso siingakupulumutse ukamafika mochedwa kapena ndalama za alendo zikasowa m'manja mwako. Chimene ingachite ndi kuonetsetsa kuti wapatsidwa mpata wodziteteza asanakuweruze. Sitalaka nayo si tchuthi, pakuti kuchokera mu 2021 lamulo limalola bwana kudula malipiro a wonyanyala ntchito masiku akapitirira atatu pa chaka. Uzidulidwanso kandalama ka umembala mwezi ndi mwezi, ndipo ndinene mosabisa kuti atsogoleri ena amangooneka pa 1 May atavala malaya atsopano, chaka chonse ali chete.

N'chifukwa chake usanasaine fomuyo, ufunse woimira yuniyoni pa hotelapo ngati bungwe lawo linalembetsedwa kuboma, ngati lili pansi pa mgwirizano wa mayuniyoni m'dziko lino wa Malawi Congress of Trade Unions, komanso kuti pangano lomaliza ndi abwana linasainidwa liti ndipo linasintha chiyani. Akayankha zomveka, saina. Kontirakiti yako uyiwerenge yonse, usunge kope lake kunyumba, ndipo Loweruka likudzali ukawawerengere bambo yankho lino pang'onopang'ono.