Bola asagwe m'manja mwa supervisor ngati wanga

Achemwali, mwafunsa ngati mumulole mwana wanu kuphunzira literature ku yunivesite. Mwanayo musamuletse, literature payokha ilibe vuto. Koma funso lanuli landitsegula bala. Zaka ziwiri zoyamba zimakoma, ndakatulo, phonetics, mpaka kumvetsa chifukwa chake ife timasakaniza l ndi r tikamayankhula Chingerezi. Moto umayamba ndi literary theory, njira zounikira zolembedwa: mabuku a akatswiri ngati Saussure, Derrida, Foucault, ndime imodzi kuibwereza kanayi osatolapo kanthu.

Ine chinandipha ndi dissertation, kafukufuku amene umalemba pomaliza digiri. Ndinasankha nyimbo za pamtondo. Holide yonse ndinali kwathu ku Ntcheu, kafoni m'manja, kujambula agogo ndi anzawo akusinja, ena mpaka kuyimba nyimbo zonyoza apongozi zomwe sayimba pamaso pa amuna. Ndinazilemba zonse, kuzimasulira, kukapereka kwa supervisor, bambo amene ankayang'anira kafukufuku wanga. Miyezi inayi zii. Ndikapita ku ofesi, chitseko chotseka, kapepala pakhomo akuti ali ku conference. Tsiku lomwe ndinawapeza anachita kusolola pepala langa pansi pa kapu, chikuto chili ndi bwalo la tiyi. Sanapitirire tsamba lachitatu. Ndi cholembera chofiira anangolembapo kuti theory ili kuti, nyimbo za azimayi akumudzi si literature.

Munthu yemweyo m'kalasi ankatiphunzitsa Decolonising the Mind ya Ngũgĩ wa Thiong'o, buku la 1986 lomwe limatiuza kuti tizilemba m'zilankhulo zathu! Thukuta kamukamu pa bolodi, ife kuwomba m'manja. Chinyengo chenicheni. Ndinabwereza chaka. Mayi anga anali atasoketsa kale chitenje cha graduation, anakauza ndi azimayi a kumpingo. Chitenjecho anakavala ku ukwati wa msuweni wanga, osayankhula kanthu, ndipo zimandiwawa kuposa chaka chomwe ndinatayacho.

Ndiye muuzeni asankhe mutu umene supervisor wake amaukonda, asalimbane ndi mwini bwalo. Aziyamba ndi theory, nyimbo zibwere pambuyo. Ayikepo ndi education kapena linguistics, chifukwa ntchito zambiri zomwe anzanga anapeza ndi uphunzitsi ku sekondale, ena ku wailesi ndi kumasulira zikalata za mabungwe. Draft iliyonse azitumiza pa imelo kuti pakhale umboni wa tsiku.

Komabe ngati agogo ake alipo, awajambule nyimbo zija, asadikire chilolezo cha munthu. Anga anamwalira chaka chatha, mawu awo ndili nawo pa flash.