Zotumiza ma physio kumidzi mokakamiza

Achimwene, mwafunsa ngati ma physio, akatswiri a mafizo othandiza odwala kuwongola ndi kulimbitsa ziwalo, angalole kukakamizidwa kukagwira ntchito chaka chimodzi kumidzi akangomaliza sukulu. Ku South Africa zimenezi anayamba mu 2003, ndipo ine ndikuona kuti kwathu kuno zingathandize kwambiri. Ntchitoyi ndimagwira ku Mzuzu konkuno, ndinalandirapo agogo ena a sitiroko ochokera ku Chitipa atakhala miyezi kunyumba, mkono utauma kale zala zitapindika osatheka kuwongola, zinandipweteka mtima kwabasi. Ma physio anzanga ambiri sakukana kupita kumudziko ayi, chomwe amaopa ndi kukawasiya okhaokha, nyumba kulibe, ndodo zoyendera ndi njinga za olumala kulibe, wamkulu woti uzimufunsa zikakuvuta nayenso kulibe. Boma litakonza zimenezo ine ndikhoza kunyamuka mawa lomwe, olo ku Likoma pa Ilala.