Ekizosi ya njinga ya trials yatsekeka: caustic soda athandiza?

Achimwene ena a ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu, anditumizira imelo. Anagula Gas Gas TXT yakale kuchokera ku Joni, njinga yamoto ya trials (masewera oyendetsa njinga pamiyala ndi malo ena ovuta), ndipo akuti masiku ano ikufooka pachitunda, ikufuka utsi wambiri, komanso kumchira kwa ekizosi kukudontha mafuta akuda bii. Makaniko wina wawauza kuti aviike ekizosi yonse mu caustic soda. Akufunsa ngati atero.

Achimwene, yonse ayi. Masulani kaye, mupeza zigawo zitatu: paipi yochokera ku injini, bokosi lapakati, ndi sailensa yakumbuyo. Gunditsani maginito pa chigawo chilichonse. Pomwe yakana kumata, patengeni ngati aluminiyamu, ndipo soda asafikepo. Soda amadya aluminiyamu, n'kumatulutsa mpweya wa hydrogen womwe sukhalira kuyaka. Makaniko wanuyo mwina anazolowera ekizosi za Yamaha DT ndi AG100, zomwe ndi zachitsulo.

Paipi yachitsulo ndiye mutha kuiviika usiku wonse, mutavala magolovesi ndi zoteteza maso. Ine ndimakonda kuiwotcha ndi moto wa gasi mpaka mwaye utauma, kenako kuigogoda ndi thabwa kuti makoko ake agwe. Chitirani pabwalo, kutali ndi petulo, chifukwa utsi wake ungakudanitseni ndi aneba. Bokosi la aluminiyamu musaliwotche chonchi. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 a Celsius, ndipo safiira kaye kuti akuchenjezeni, mumangoona bowo.

Nthenda yeniyeni imakhala m'kati mwa sailensa. Muli kapaipi kobowolabowola kokutidwa ndi fibreglass. Injini ya two-stroke imawotcha oyilo pamodzi ndi petulo, koma njinga ya trials imakhalira kuyenda mwapang'onopang'ono pamiyala, motero ekizosi sitentha mokwanira, makamaka ndi kuzizira kwathu kuno mu June ndi July. Oyilo wotsala amanyowetsa fibreglass ija, timabowo n'kutsekeka. Boolani maliveti kapena masulani masikuluwu a kumapeto, solorani kapaipiko, mukatsuke ndi palafini ndi burashi yawaya mpaka bowo lililonse lizioneka. Fibreglass yakale tayani, siichapika. Yatsopano ikhale yopangidwira sailensa, ndipo muikulunge mothina pang'ono chabe, chifukwa mukaipanikiza kwambiri phokoso limabwerera.

Bokosi lapakati ndi lomwe limavuta, poti nthawi zambiri limabwera lowotchereredwa. Pamafunika kulicheka, kusintha za m'kati, n'kuliwotchereranso. Apa pitani kwa munthu amene ali ndi makina a TIG (owotcherera omwe amatha kugwira aluminiyamu), osati wowotcherera mageti m'mbali mwa msewu. Yambani kufunsa ku Luwinga konkuno ku Mzuzu, ndipo akuonetseni kaye ntchito ya aluminiyamu yomwe anagwirapo. Ming'alu ya pomangira mabawuti akonzeretu nthawi yomweyo.

Pobwezera ikani ma O-ring (timphete ta labala) atsopano polumikizira, mupakeko silikoni wopirira kutentha. Mabawuti onse ayambe alowa musanalimbitse ndi limodzi lomwe, apo ayi mukakamiza bokosi ndipo lidzang'alukanso.

Simunandiuze kuti mumathira oyilo wochuluka bwanji. Ambiri kuno amathira mowolowa manja poopa kupha injini, pomwe njinga zoterezi zimafuna wochepa, cha m'ma 70:1 kapena 80:1 (magawo 70 kapena 80 a petulo pa gawo limodzi la oyilo) ngati oyiloyo ndi wa synthetic. Tsatirani buku la njinga yanu, muziyeza ndi sirinji, ndipo nthawi zina muzikoka moto pachitunda chachitali kuti ekizosi itenthe bwino.